A Watson ndi Mwendo wa Chigayo

Loweruka lililonse m'nyengo yozizira foni yanga inkalira cha m'ma seveni m'mawa, ndisanatsegule n'komwe makatani. Ndinkadziwiratu kuti ndi a Watson Gonthi. Tinali ndi gulu lathu la pa WhatsApp, amuna a Chimalawi okhala ku Wakefield ndi ku Bradford. Ena ankatumizapo mavesi, ena mikangano ya ndale zakumudzi, koma a Watson ankatumiza ulosi wa mipikisano ya mahatchi. Mahatchi othamanga pamalo osalala m'chilimwe analibe nawo ntchito, ankati amenewo ndi masewera a ana. Awo anali aja olumpha mipanda m'matope, kuyambira Okutobala mpaka Epulo.

Uthenga wawo unkayamba ndi moni ngati kalata yopita kwa apongozi. Umodzi ndidakali nawo:

"Abale anga nonse, mwadzuka bwanji. Mvula yagwa masiku atatu, ndiye lero nthaka ndi phala. Mpikisano wa 1:15 musaike pa hatchi yoyera ija aliyense akuitama. Ziboda zake n'zazing'ono, ititimira isanafike mpanda wachisanu. Wa 2:25 ndakonda nambala folo, yomwe ine ndimaitcha Bantomu. Si yokongola ayi, koma imatera bwino ikalumpha ndipo siitaya mpweya. Wa 3 koloko ndilibe mawu, onse ndi odwala. Ine sindibetcha, ndangoona miyendo. Ambuye akusungeni."

Mayina enieni a mahatchiwo anali a Chingerezi, aatali, ena osamveka mutu wake. A Watson ankawapatsa mayina a ng'ombe zangolo, ndipo ife tinkachita kufufuza ndi manambala kuti Bantomu wa lero ndi uti. Tinkawaseka kwambiri. Ndine ndinayambitsa zowatchula a Dokotala, ndipo sindinganame, ndinkanena mowanyogodola. Iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri.

Ine ndine Kondie. Ndinabwera kudzaphunzira ku Sheffield zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, pano ndimagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi ku Leeds, komwe amandilipira kuti ndizidula anzanga mawu pamisonkhano. A Watson tinadziwana ku tchalitchi. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri, koma sanandiitanepo ndi dzina lopanda ulemu.

Kumudzi anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ngati mlangizi wa za ziweto ku Ngabu. Tsiku la dibi ankakwera pakhoma potulukira ng'ombe, n'kumayang'ana mazanamazana zikudutsa zili chonyowa. Mwadzidzidzi ankaloza imodzi n'kukuwa kuti ibwezedwe. Mwini wake ankalumbira kuti ng'ombe yake ili bwinobwino, koma akaigwetsa n'kutembenuza chiboda ankapeza msomali kapena chilonda chomwe chayamba kumene. Chinsinsi chake anandiuza kangapo. Munthu usamayang'ane mwendo, uziyang'ana mutu. Mwendo wakutsogolo ukamapweteka, nyama imadzutsa mutu pang'ono nthawi iliyonse mwendowo ukaponda pansi. Ankati ng'ombe, bulu ndi hatchi zonse zimadandaula mofanana.

Akazi awo, a Gertrude, ndi namwino. Anapeza ntchito pachipatala china ku Wakefield, ndipo patapita zaka ziwiri a Watson anawatsatira pa viza ya mkazi wawo. Anabwera ndi satifiketi yawo ya za ziweto, a Gertrude anaikutitsa m'pulasitiki kuti isanyowe. Analemba makalata ku mafamu, ku zipatala za agalu, ngakhale kumalo ophera ng'ombe. Ambiri sanayankhe. Omwe anayankha ankati pepalalo kuno silidziwika, kapena ankafunsa ngati anagwirapo ntchito ndi nyama za ku England, ngati kuti ng'ombe ya ku Yorkshire ili ndi miyendo isanu. Mapeto ake analembedwa m'nyumba yosungiramo katundu m'mbali mwa msewu waukulu, kunyamula makatoni ndi kachipangizo kolira padzanja. Nyama zomwe ankazigwira tsopano zinali zojambulidwa pamatumba a chakudya cha agalu.

Munthu uja anayamba kufota tikuona. Ku tchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo akungotsegula pakamwa. Amuna ambiri obwera pa viza ya akazi awo amatero, ena amagwera mowa, ena ukali. A Watson anangoti zii.

Mahatchi anawapeza chifukwa cha mvula. Tsiku lina akudikira basi analowa m'shopu yobetchera kuti ausepo. Pakhoma panali ma TV ambirimbiri, ndipo pa imodzi mahatchi ankayendetsedwa mozungulira asanayambe kuthamanga. Anaima n'kuyang'ana, kenaka anangopezeka anena mokweza m'Chingerezi kuti yofiirira ija simaliza. Nkhalamba ina ya ku Yorkshire yomwe inali pambali pawo inaseka, popeza imeneyo ndi yomwe aliyense anaikapo. Pakati pa mpikisano wokwera wake anaiimitsa, ikutsimphina. Nkhalamba ija inawayang'ana a Watson kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwagulira tiyi wa m'makina. Anandiuza kuti chibwerereni ku England, munthu woyamba kuwayang'ana ngati odziwa kanthu anali ameneyo.

Kubetcha sanabetchepo. Analonjeza a Gertrude, komanso anali mkulu wa mpingo. Lachisanu akaweruka ankakhala pa tebulo la kukhitchini, n'kumaonera pa foni mipikisano yakale ya mahatchi amene athamange mawa lake, kuimitsa, kubweza, kuimitsanso. Ndinawafunsa a Gertrude ngati sizikuwadetsa nkhawa. Anandiyankha kuti bola Loweruka m'nyumba mumakhala mwamuna amene anakwatiwa naye, masiku enawo mumakhala chithunzi chake chokha. Ulosi wawo sunali wa mngelo. Ankadziwa bwino hatchi yomwe igonje kusiyana ndi yomwe ipambane, ndipo Wyson, mnzathu woyendetsa galimoto yogawa katundu ku Bradford, ankawadzudzula Lamulungu lililonse kunja kwa tchalitchi chifukwa cha timapaundi take. A Watson ankangoseka n'kumukumbutsa kuti iwo amaona miyendo, za mtima wa hatchi ndi za Mulungu.

Zopita kukaonera mahatchi ndi maso anali maganizo anga. Mu Novembala a Watson ankakwanitsa zaka makumi asanu, ndipo ndinadabwa kumva kuti mahatchi onsewa ankangowadziwira pa galasi. Ndinagula matikiti atatu a bwalo lina kumpoto kwa Leeds, langa, lawo ndi la Wyson.

M'mawa wa tsikulo uthenga unabwera monga mwa masiku onse. Pa mpikisano wa 2:25 anasankha nambala sikisi, hatchi yaikazi yakuda yomwe ankaitcha Chigayo chifukwa inkathamanga liwiro limodzi osatopa. Anaitama kuposa masiku onse. Analemba kuti akhala akuitsatira zaka ziwiri, ndipo lero akaipatsa moni pamaso.

Nditafika kudzawatenga ndinawapeza avala suti ya ku tchalitchi ndi chipewa. Wyson anawafunsa ngati tikupita ku ukwati. M'galimoto ndi momwe anatiululira za mumtima. Anawerenga kuti pabwalo lililonse pamakhala madokotala a ziweto. Ankafuna apeze mmodzi, amupatse moni bwinobwino, amuonetse satifiketi ija, yomwe inali m'thumba la mkati mwa jekete, n'kupempha ntchito iliyonse pafupi ndi mahatchi.

"Makalata sayankha chifukwa sanandione," anatero. "Munthu akandiona kuti ndine waulemu, andimvera. Ngakhale tsache, a Kondie. Ngakhale kuwola ndowe, ndivomera."

Titalowa pachipata anaima chilili pakati pa anthu. Ndinaganiza kuti ataya tikiti, koma ankanunkhiza. Fungo la ndowe ndi udzu wonyowa, lomwe ine linandipangitsa kutseka mphuno, iwo linawalengezetsa misozi m'maso. Tsiku limenelo ndinawaona akuseka mano onse ali pamtunda. Mipikisano iwiri yoyamba anaitsata atakangamira pa mpanda wa kabwalo komwe amayendetsamo mahatchi kuti anthu awaone asanathamange, akutiuza za hatchi iliyonse ngati mwana wa mlongo wawo.

Itangokwana 2 koloko, mahatchi a mpikisano wathu analowa m'kabwalo kaja. Chigayo inatulukira yachinayi, ikunyezimira, mtsikana wina ataigwira chingwe. Wyson anaomba m'manja. A Watson anamwetulira, hatchi inazungulira kamodzi, kumwetulira kuja kunatha. Inazunguliranso. Anandigwira mkono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa.

"A Kondie, taonani mutu."

Ndinayang'ana. Ndinaona hatchi yokongola ikuyenda.

"Pokhota paja. Mwendo wakutsogolo wakumanzere. Ikudzutsa mutu pang'ono chabe, koma ikudzutsa. Isathamange imeneyi."

Ndinawauza kuti kuno nyama zimayezedwa ndi akatswiri, sizingatheke kuti onsewo asaone. Anavomera kuti zimayezedwa, koma anati mwina yadzipweteka m'lole pobwera, mwina posachedwapa, ndipo pamalo owongoka sizikuoneka n'komwe. Maso awo anali akusakasaka. Pafupi ndi chipata cha kabwalo panaima mayi wina wa jekete yobiriwira, wovala kansalu pamkono kosonyeza kuti ndi dokotala wa ziweto. Ankacheza ndi azibambo awiri a zipewa zodula, ooneka kuti ndi eni mahatchi. A Watson anakonza tayi n'kupita.

Zomwe anachita kumeneko, Mmalawi aliyense woleredwa bwino akanazizindikira. Anafika mapazi atatu kuchokera pomwe panali anthuwo, cham'mbali, pomwe akanatha kuonedwa koma osamva nkhani za eni. Anavula chipewa, mvula ikuwaza. Anagwira chipewacho ndi manja awiri pamimba, anaweramitsa mutu pang'ono, n'kudikira. Patapita nthawi anatsokomola mofatsa. Kwathu munthu akaima chonchi, nkhani imadulidwa yokha, wina amatembenuka n'kufunsa kuti tikuthandizeni bambo. Kuno munthu woima phee patali amatengedwa kuti ali ndi zake, ndipo ulemu wa eni dziko ndi kusamuyang'ana. Mmodzi wa azibambo aja anachita kusuntha pang'ono kuti awapatse njira, poganiza kuti akufuna kudutsa.

Ine zimenezi ndinkazidziwa. Ndakhala kuno zaka khumi ndi chimodzi, ndimadziwa kuti ukafuna kumveka umalowa pakati n'kuyamba ndi vuto, moni pambuyo. Ndikanapita n'kumugwira mayiyo paphewa, sizikananditengera mphindi imodzi. M'malo mwake ndinatulutsa foni, ndinawajambula ataima ndi chipewa chawo m'manja, n'kutumiza pagulu ndi mawu akuti a Dokotala ali pa intavyu. Anthu anatumiza nkhope zoseka. Ndimadzida ndikakumbukira, ndipo ndimakumbukira pafupipafupi.

Anaima pamenepo mphindi zisanu ndi zitatu. Belu linalira, okwera anakwezedwa pa mahatchi awo, ndipo mahatchi anayamba kutuluka mmodzimmodzi kulowera ku bwalo lalikulu. Chigayo inadutsa kumbuyo kwawo kwenikweni. Apo ndi pomwe azibambo aja anatsanzika, ndipo mayi uja potembenuka anawaona.

"You all right there, love?"

Ndinali nditayandikira, ndinamva zonse. A Watson anawerama, anapereka moni wa masana, anafunsa mayiyo ngati ali bwino, anatchula dzina lawo lonse ndi dziko lomwe achokera. Asanafike pa nkhani ya hatchi, wailesi ya pachifuwa pa mayiyo inayankhula. Mayiyo anapepesa mwansangala, anati ayenera kutsatira mpikisano pa galimoto, amupeze ukatha, n'kuthamanga. Mawu akuti nambala sikisi a Watson anawanenera kumsana kwake, ndipo ngakhale pamenepo sanakweze mawu.

Atabwerera ndinawafunsa kuti intavyu yayenda bwanji. Anauza Wyson kuti asaike kalikonse pa Chigayo, koma Wyson anali ataika kale.

Mpikisano unali wozungulira bwalo kawiri. Chigayo inatsogola kuyambira pachiyambi, ikulumpha mipanda mosavuta, matope akuuluka kumbuyo kwake. Wyson ankadumphadumpha. Atazungulira koyamba ndinawagunda a Watson ndi chigongono n'kuwauza kuti lero diso lawanamiza, ndipo ndi nkhani yabwino. Anayankha osandiyang'ana kuti akupemphera kuti akhale wabodza.

Patatsala mipanda itatu, Chigayo inalumpha bwino ngati poyamba, koma potera mwendo wakumanzere unapindika pomwe sipayenera kupindika. Wokwera anagubuduka, n'kudzuka wamoyo. Hatchi nayo inadzuka. Chomwe sindidzaiwala n'chakuti inayesa kutsatira anzake ndi miyendo itatu, wachinayi ukulendewera. Anthu anati haa pamodzi, kenaka mitu yonse inatembenukira komalizira, chifukwa mahatchi awiri anali pampanipani. Phokoso linakwera, ena anakumbatirana. Pakati pa anthu masauzande, a Watson okha ndi omwe ankayang'anabe kumanzere, komwe kunali Chigayo.

Galimoto zinafika. Amuna anatsika n'kuimika nsalu zobiriwira kuzungulira hatchi ija kuti anthu asaone. Wyson anafunsa ngati akuimanga bandeji. A Watson anapukusa mutu. Anati mwendo wotero pa hatchi suchira, ndipo jekeseni yoiphera sichedwa. Anavulanso chipewa. Patapita kanthawi kunabwera ngolo yotseka, inalowa kuseri kwa nsalu zija, inatuluka, ndipo nsalu zitachotsedwa panangotsala matope opondedwapondedwa. Pa zokuzira mawu ankalengeza za mpikisano wa 3 koloko.

Palibe anafuna kukhalanso. Tikupita koimika magalimoto, kunja kutayamba kale kuchita mdima ngakhale inali isanakwane 4 koloko, tinakumana ndi mayi wa jekete yobiriwira uja. Mawondo ake anali matope okhaokha, nkhope yotopa. Anawazindikira a Watson, anaima, n'kuwafunsa mwaulemu ngati si iwo ankamufuna paja. Tsopano anali ndi nthawi. Panalibe azibambo a zipewa, wailesi inali chete. Ndinaona dzanja la a Watson likupita m'thumba la mkati mwa jekete, ndipo mumtima ndinkawakankha kuti tulutsani, nenani. Dzanja linakhala m'menemo pang'ono, n'kutuluka lopanda kanthu.

"No, madam," anatero. "I was only greeting you."

Mayiyo anamwetulira motopa, anathokoza, n'kupitiriza ulendo wake.

M'galimoto ndinadzigwira mpaka tinadutsa Leeds. Kenaka ndinalephera kupirira, ndinawafunsa chifukwa chomwe sanamuuzire kuti anaona, popeza umenewo ndiwo unali umboni woposa satifiketi. Anayankha akuyang'ana pawindo.

"Ndikanati chiyani? Kuti ndinaona, koma ndimadikira kuti amalize nkhani yawo?" Anapukuta galasi ndi chikhatho. "Ku Ngabu ndinkakuwa, a Kondie. Ngakhale ng'ombe ya bwana wamkulu, ndinkakuwa ndili pakhoma, ibwezedwe. Lero ndimafuna andione kuti ndine waulemu kuti andipatse tsache. Hatchi ija ndaisinthanitsa ndi tsache, ndipo tsachelo sindinalipemphe n'komwe."

Wyson anayesa kuwatonthoza kuti mwina ikanagwabe, mwina mayiyo sakanawamvera, mwina mwendo unathyoka pa zifukwa zina. Zonsezo n'zotheka, ndipo ine mpaka lero sindidziwa. A Watson anangoti iwo akudziwa chomwe anaona. Ndinkafuna kuwauza za chithunzi chija, koma anali atachiona kale. Pansi pa nkhope zoseka zija panali chizindikiro chosonyeza kuti awerenga.

Loweruka lotsatira foni sinalire. Cha m'ma naini Wyson analemba pagulu kufunsa a Dokotala kuti lero tiike pa uti. Yankho linabwera masana, lopanda moni, koyamba chiwadziwireni. Analemba kuti dokotala kulibe kuno, kuli Watson wonyamula makatoni. Kenaka anatuluka pagulupo.

A Gertrude anandiuza kuti satifiketi ija anaipeza m'chikwama cha zovala zakale zoti zitumizidwe kumudzi. Anaibweza m'kabati, mawa lake anaipezanso m'chikwama. Lachisanu a Watson sakhalanso pa tebulo la kukhitchini. Anapempha kuti aziwonjezeredwa shifiti ya Loweruka, ndipo akuluakulu awo akuti amawakonda chifukwa sadandaula. Ku tchalitchi anabwerera pa benchi yakumbuyo. Ndinapita kukapepesa za chithunzi chija, anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, anandiuza kuti palibe chokhululukira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mwezi watha ndinawapeza pamalo odikirira basi ku Wakefield, atavala jekete yonyezimira ya kuntchito. Tikucheza za nyengo, kunadutsa mayi wina wachikulire ndi galu wamkulu pachingwe. Galuyo ankadzutsa mutu nthawi iliyonse mwendo wakumanja ukaponda pansi. Ngakhale ine ndinaona, chifukwa anandiphunzitsa ndi iwo. Ndinawayang'ana, ndikudikira. Maso awo anamutsatira galuyo mapazi atatu kapena anayi, milomo inatseguka pang'ono. Kenaka anatembenukira ku ndandanda ya mabasi pamtengo, anaika chala pagalasi, n'kundifunsa ngati basi ya 2:40 yadutsa kale.